Zithunzi, alamu ndi foni: momwe mungathandizire wachibale wa autism kapena wa ulumali wa ubongo kudzichitira zinthu yekha

M'makomo ambiri momwe muli mwana wa autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhulana ndi kukhala ndi anthu) kapena wachibale wa ulumali wa ubongo, chimene chimagwira ntchito kwambiri kuyambira m'mawa mpaka usiku ndi pakamwa pa mayi. "Dzuka. Samba. Vala nsapato. Osati imeneyo, inayo. Tseka mpopi." Zambiri mwa izi mwiniwake amazitha, kungoti amadikira kaye mawu. Ndiye tsiku limene mayi alawira kukaoda tomato ku Mbare Musika, kapena akagona kumaliro ku Epworth, zonse zimaima.

Zipangizo zimene ndifotokoze pano zili ndi ntchito imodzi: kuchotsa udindo wokumbutsa m'kamwa mwa munthu n'kuuika pakhoma, m'thumba kapena m'foni, kuti mwiniwake aziona kapena kumva yekha chochita. Sizichiritsa autism, ndipo wina akakugulitsani chipangizo kapena mankhwala akuti amachiza, bwezerani ndalama zanu m'thumba. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013, pa gawo 83, amanena kuti boma liyenera kuthandiza anthu aulumali kuti akhale odzidalira, malinga ndi chuma chimene lili nacho. Ndi mawu abwino, koma kuno ku Harare, ku Mabvuku, Mufakose ndi Highfield, ntchito yake imayambira pakhomo, ndipo yambiri imatheka ndi katoni, selotepi ndi foni yomwe muli nayo kaleyo.

Choyamba: sankhani ntchito imodzi yokha

Musayambe ndi funso lakuti tigule chiyani. Yambani ndi lakuti: ndi chinthu chiti chimene timamuchitira kapena kumukumbutsa tsiku ndi tsiku, chimene manja ake angathe? Kutsuka mano, kuvala, kulongedza chikwama cha kusukulu, kutsuka mbale, kusesa pakhonde. Ngati ndi wamkulu, mufunseni kapena muonetseni zinthu ziwiri asankhe, chifukwa ntchito imene iye akuifuna imaphunzirika msanga kuposa imene ikukuvutitsani inu.

Mukasankha, ichiteni nokha pang'onopang'ono, mukulemba gawo lililonse. Mudzadabwa kuti kutsuka mano, komwe timakuona ngati chinthu chimodzi, kuli ndi magawo ngati 8: kutenga mswachi, kutunga madzi m'kapu, kutsegula mankhwala otsukira mano, kufinyira pamswachi, kutsuka, kuchukucha, kulavula, kubwezera zonse pamalo pake. Lembani monga zimachitikira m'nyumba mwanu. Ngati madzi a pampopi amabwera mwa apo ndi apo ndipo mumatunga pamjigo n'kusunga m'zigubu, gawo lanu ndi "tunga m'ndowa", osati "tsegula mpopi". Zithunzi zokongola za pa intaneti zimalepherera pomwepa: zimaonetsa bafa limene mwana wanu sanalionepo.

Kenaka muonetsetseni kwa masiku angapo, mukuchonga magawo amene amatha yekha, amene amatha akauzidwa, ndi amene satha n'komwe. Pepala limeneli musalitaye. Ndi lomwe lidzakuuzeni ngati zikuyenda.

Ngati sanapimidwepo maso ndi makutu, chitani zimenezo musanapite patali. Munthu wosaona bwino sangapindule ndi zithunzi zing'onozing'ono, ndipo wosamva bwino alamu imangomulirira chabe. Yambirani ku kiliniki ya kwanu kuti akulembereni kalata. Pachipatala cha Sally Mugabe pali Children's Rehabilitation Unit, yomwe imaona ana aulumali, ndipo ku Milton Park kuli St Giles, malo othandiza anthu aulumali. Mukapeza katswiri wothandiza pa kulankhula kapena pa ntchito za tsiku ndi tsiku, pitani ndi pepala lanu lija. Mudzapindula zambiri pa mphindi zochepa zimene angakupatseni.

Chachiwiri: pangani zithunzi, ndipo muyambe ndi pepala

Jambulani ndi foni gawo lililonse, pogwiritsa ntchito zinthu zake zenizeni: kapu yake, mswachi wake, nsapato zake. Chithunzi chimodzi chikhale ndi chinthu chimodzi. Yalani nsalu yopanda maluwa kapena pepala loyera pansi pake, chifukwa anthu ambiri a autism diso lawo limagwa pa kanthu kakang'ono kamene inu simunakaone, monga mphaka wodutsa kumbuyo, n'kuiwala za mswachi.

Kasindikizeni zithunzizo kumalo otsukira zithunzi kapena kosindikiza mapepala. Zikhale zazikulu ngati chikhatho cha mwana. Zimateni pakatoni ndipo muzikute ndi selotepi yaikulu mbali zonse, kapena kaziikitseni m'pulasitiki ngati ndalama zilipo, chifukwa zidzanyowa, zidzalumidwa, zina zidzagwera mu ndiwo. Sindikizani ziwiriziwiri.

Zindandalikeni kuchokera pamwamba kupita pansi, pamalo pomwe ntchitoyo imachitikira, molingana ndi maso ake osati anu. Mungagwiritse ntchito chingwe ndi zopanira zovala, kapena timatepi tomatirira timene atelala amaika pa nsapato ndi zikwama. Pansi pake pachikani envelopu kapena kabokosi ka "zatha". Akamaliza gawo, achotse khadi n'kuliponya mmenemo. Kuchotsako kuli ndi phindu lalikulu kuposa mmene kumaonekera: kumamuonetsa pamene wafika, komanso kuti ntchitoyo ili ndi mapeto. Njira yophunzitsa ndi ndondomeko ya zithunzi imeneyi inatchuka ndi pulogalamu ya TEACCH ya ku North Carolina, ku America, imene anayambitsa Eric Schopler ndi anzake, ndipo masiku ano imapezeka m'makalasi a ana aulumali m'maiko ambiri.

Alipo ena amene chithunzi sichiwauza kanthu. Kwa iwo gwiritsani ntchito chinthu chenichenicho: supuni kutanthauza kudya, kachidutswa ka thaulo kutanthauza kusamba, nsapato kutanthauza kutuluka. Pakapita nthawi mumamata chithunzi pambali pa chinthucho mpaka ziwirizo zilumikizane m'maganizo mwake. Ena amawerenga bwinobwino, ndipo kwa iwo mndandanda wa mawu ndi wokwanira. Mnyamata wa zaka 19 amene amawerenga musamupachikire zithunzi za ana a mkaka.

Nanga pansi pa chithunzi tilembe m'chilankhulo chiti? Funsoli limavuta mabanja athu kuno, poti pakhomo timalankhula Chichewa, pabwalo Chishona, kusukulu Chingerezi. Makolo ena amauzidwa kuti asiyiretu Chichewa kuti mwana asasokonezeke. Kafukufuku sanaonetse kuti kukula ndi zilankhulo ziwiri kumawonjezera vuto la mwana wa autism, ndipo kumuletsa Chichewa n'kumulekanitsa ndi agogo ake. Lembani liwu limene amalimva kwambiri pa chinthucho, ndipo onse pakhomo agwirizane liwu lomwelo. Ngati khadi likuti "nsima", wina asamati sadza lero, nsima mawa, pamene akuloza khadilo, mpaka atalizolowera.

Pangani makhadi ena awiri apadera. Loyamba ndi bolodi la mabokosi awiri, "choyamba" ndi "kenaka": choyamba kusamba, kenaka wailesi. Ichi chimachepetsa mikangano yambiri, malinga ngati lonjezo la m'bokosi lachiwirilo mumalisunga nthawi zonse. Lachiwiri ndi khadi la "zasintha". M'Harare zinthu zimasintha mosachenjeza: magetsi athima, madzi sanabwere, kombi yasowa. Kwa munthu amene mtima wake umakhazikika pa ndondomeko, kusintha kotereku n'kowawa. Ikani khadilo pamwamba pa chinthu chimene chalephereka, n'kuika china m'malo mwake iye akuona. Yambani kuliphunzitsa ndi kusintha kokoma, monga kuchotsa kusesa n'kuikapo kupita kwa azakhali, kuti lisakhale khadi la nkhani zoipa zokha.

Chachitatu: phunzitsani muli chete

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo m'pamene ambiri amagwa. Amapachika zithunzi bwinobwino, kenaka n'kuima kutsogolo kwa mwana n'kumati, "Ona chithunzi. Chikuti chiyani? Tenga mswachi." Mapeto ake mwana waphunzira kudikira mawu atatu m'malo mwa amodzi.

Imani kumbuyo kwake kapena chapambali. Nenani kamodzi kokha, "Nthawi yotsuka mano," basi tsekani pakamwa. Ngati sakusuntha, werengani chamumtima mpaka 10. Nthawi imeneyi imaoneka yaitali kwa inu, koma ambiri a iwo amafunika mpata woti mawu alowe n'kusanduka zochita, ndipo mukabwereza msanga amayambiranso kumvetsera. Akapanda kuyamba, gwirani dzanja lake mofatsa kuchokera kumbuyo, lilozetseni pa khadi, kenaka lipititseni pa mswachi. Chifukwa chosankhira dzanja m'malo mwa mawu n'chakuti dzanja limachotseka pang'onopang'ono: sabata ino mwagwira chikhatho, ya mawa pamkono, kenaka kungokhudza chigongono, kenaka kungoima pafupi, kenaka pakhomo, kenaka m'chipinda china. Mawu alibe magawo otere, ndipo akazolowereka amavuta kuwasiya. Ngati ndi munthu wosafuna kukhudzidwa, musamukakamize. Lozani khadi ndi chala, kapena chitani gawolo inuyo iye akuona.

Ntchito ikakhala yaitali, yambirani kumapeto. Povala juzi, inu mumulowetse mutu ndi manja, iye angokokera pansi. Akazolowera, mumusiyire dzanja limodzi ndi kukokera pansi. Muzibwerera m'mbuyo choncho mpaka ntchito yonse ikhale yake. Ubwino wake ndi wakuti nthawi iliyonse womaliza ndi iye, ndipo kukoma komaliza kumamukokera kuti mawa ayesenso.

Akalakwitsa musakalipe, ndipo musalalikire. Mubwezereni pa khadi limene walumpha, mumuthandize, mupitirize. Akachita bwino muyamikireni m'njira imene iye amaikonda. Ena amakondwa ndi nthungululu, ena nthungululu yomweyo imawathawitsa, amangofuna chala chachikulu m'mwamba.

Agogo ndi amene amavutika kwambiri ndi gawo limeneli, chifukwa kwa iwo kuonerera mdzukulu akulimbana ndi batani la malaya n'kupanda chifundo. Akhazikeni pansi mwaulemu. "Agogo, tikamuchitira lero ndi mawa, tsiku limene ife kulibe adzamuchitira ndani?" Ndipo apatseni udindo wawo, monga kukhala amene amamuyamikira akamaliza.

Chachinayi: mupatseni njira yonenera zimene akufuna

Munthu amene salankhula, kapena amalankhula mawu ochepa, ali ndi zonena zambiri. Kukuwa, kudziluma, kugenda mbale, kawirikawiri ndi mawu amene asowa potulukira. Makolo ena amaopa kuti akamupatsa zithunzi kapena foni yolankhula ndiye kuti sadzayesanso kulankhula. Kafukufuku wambiri waonetsa kuti njira zimenezi siziletsa kulankhula, ndipo kwa ena mawu amawonjezeka.

Njira yodziwika kwambiri ya makhadi ndi PECS, imene anayambitsa Andy Bondy ndi Lori Frost ku Delaware, ku America, mu 1985. Ili ndi magawo 6, ndipo kuti itsatidwe mokwanira pamafunika wophunzitsidwa, koma mfundo ya gawo loyamba mungaigwiritse ntchito pakhomo. Pamafunika anthu awiri. Mmodzi akhale kutsogolo atagwira chinthu chimene mwanayo amachikonda kwambiri, kaya ndi maputi, mpira kapena nthochi, osanena kanthu. Khadi la chinthucho likhale patebulo. Mwana akatambasula dzanja kuti atenge, wachiwiri amene ali kumbuyo agwire dzanjalo, alitolese khadi n'kuliika m'dzanja la woyamba uja. Pomwepo woyambayo atchule dzina, "maputi", n'kupereka nthawi yomweyo. Perekani pang'ono kuti apemphenso. Wakumbuyo azichepetsa thandizo mpaka mwana azitola yekha. Kenaka talikirani, kuti azinyamuka n'kukutsatirani ndi khadi. Pambuyo pake m'pamene mumaika makhadi awiri kuti aphunzire kusiyanitsa.

Musathere pa zakudya. Onjezani "ayi", "ndithandizeni", "ndatopa", "chimbudzi", "phokoso", "ndikumva kuwawa", ndi chithunzi cha thupi lonse choti aziloza pamene pakupweteka. Khadi la "ayi" likhale ndi mphamvu: akalipereka, pamene n'kotheka, lekanidi. Munthu amene waphunzira kuti ayi wake amamveka pakhomo amakhala wotetezeka kwambiri kwa anthu oipa kunja.

Makhadi akachuluka moti sakukwananso m'kabuku, ndiye nthawi ya foni yakwana. Pa mafoni a Android pali mapulogalamu monga Cboard, amene munthu amadina chithunzi foni n'kutchula liwu. Zizindikiro zambiri zaulere zimachokera ku ARASAAC, ya boma la chigawo cha Aragon ku Spain. Proloquo2Go ndi yotchuka, koma ndi ya pa iPhone ndi iPad ndipo ndi yolipira ndalama zambiri. Mu Cboard mungaike zithunzi zanuzanu n'kujambula mawu anu pa chithunzi chilichonse, ndipo kwa ife olankhula Chichewa ichi ndicho chofunika. Pezani wojambula mawu wofanana naye: foni ya mnyamata izilankhula ndi mawu a mnyamata mnzake, osati a mayi ake. Zithunzi zikaikidwa musamazisunthesunthe, chifukwa chala chimaloweza malo. Ndipo inunso muzigwiritsa ntchito: pomuuza kuti tiye tikadye, dinani "kudya" iye akuona. Palibe amene amaphunzira chilankhulo chimene sanaonepo wina akuchilankhula.

Lamulo limodzi lisaphwanyidwe: kabuku kapena foni yolankhulira silandidwa ngati chilango. Kumulanda n'chimodzimodzi kumutseka pakamwa ndi dzanja.

Chachisanu: konzani foni

Sipafunika foni yodula. Itel, Tecno kapena Samsung yakale imakwanira. Mukagula yogwiritsidwapo kale ntchito, monga m'mashopu a ku Gulf Complex m'tauni, yesani zinthu zitatu musanalipire: sipika imveke mokweza, sikirini imve chala m'ngodya zonse, ndipo batire lisatsike mukuona. Iikeni m'chikuto cha labala chokhuthala ndi galasi loteteza, ndipo mumangirire chingwe.

Chotsani kapena bisani mapulogalamu onse osafunika. Patsamba loyamba pakhale zinthu zitatu kapena zinayi zokha. Kulitsani zilembo ndi zizindikiro mu Settings. Mafoni ambiri a Samsung ali ndi Easy mode, imene imachita zimenezi kamodzi, ndipo pa iPhone kuyambira iOS 17 pali Assistive Access, yopangidwira anthu a ulumali wa ubongo. Manambala a anthu awiri kapena atatu odalirika muwaikire zithunzi za nkhope zawo, n'kuwaika patsamba loyamba ngati batani loimbira mwachindunji. Pa Android mumadina pamalo opanda kanthu n'kugwiritsa, kusankha Widgets, kenaka Direct dial pansi pa Contacts. Akadina nkhope ya amalume, foni iyimbe.

Kuti asatuluke m'pulogalamu yolankhulira n'kulowa mu YouTube, yatsani App pinning, imene mafoni ena amaitcha Screen pinning kapena Pin windows, ndipo imapezeka mu Settings pansi pa Security. Pa iPhone dzina lake ndi Guided Access. Ngati n'kotheka, masewera ndi makatuni zikhale pa foni ina. Foni imodzi ikakhala ya zonse ziwiri, makatuni ndi amene amapambana.

Alamu ndi chipangizo champhamvu chimene anthu amachinyozera. Jambulani mawu achidule, monga "Nthawi yosamba", muwasunge m'foni n'kuwasankha kukhala kulira kwa alamu ya nthawiyo. Mafoni ambiri a Android amalola zimenezi. Yambani ndi alamu imodzi kapena ziwiri, ndipo muphunzitse monga munaphunzitsira makhadi: ikalira, muli chete, mutsogolereni kukhoma kumene kuli zithunzi. Ma alamu khumi patsiku amangosanduka phokoso. Kwa amene amavutika kusiya chinthu chimene akuchita, pezani pulogalamu yowerengera nthawi yoonetsa mtundu wofiira ukuchepa, ngati ya Time Timer. "Kwatsala mphindi zisanu" sizitanthauza kanthu kwa munthu amene sadziwa kutalika kwa mphindi, koma kufiira kukutha amakuona.

Pa mankhwala samalani. Ena mwa anthu a autism kapena ulumali wa ubongo amakhalanso ndi khunyu, ndipo mankhwala ake safuna kudumphitsa. Alamu ndi kabokosi ka mapiritsi ka masiku 7 zimathandiza kuti azimwa yekha, koma wamkulu azidzaza kabokosiko ndi kuona tsiku lililonse kuti wamwadi, komanso kuti sanamwe kawiri.

Pomaliza pa foni, kumbukirani kuti magetsi a ZESA amathimathima. Tchajani usiku uliwonse pamalo amodzi, ndipo kutchajako kukhale khadi lomaliza pa ndondomeko yake ya madzulo. Power bank kapena kanyale ka sola kokhala ndi potchajira n'kofunika kuposa foni yokongola. Yesani pulogalamu iliyonse mutazimitsa data, muone ngati imagwirabe ntchito bandulo ikatha. Ndipo chilichonse chofunika chimene chili m'foni chikhalenso papepala m'chikwama.

Chachisanu ndi chimodzi: jambulani vidiyo

Ntchito zina zimavuta kuziika m'zithunzi zoima, monga kupinda malaya, kuyala bedi kapena kupereka moni kwa alendo. Jambulani mchimwene kapena mchemwali wake akuchita ntchitoyo, mosapitirira mphindi imodzi kapena ziwiri, wailesi itazima, mawu ochepa. Ntchito za manja zijambuleni kuchokera paphewa pa wochitayo, kuti woonera aone manja monga angaonere ake. Aonere nthawi yomweyo asanayambe, pamalo pomwepo. Ambiri amakonda kuonera vidiyo imodzi kambirimbiri, ndipo apa khalidwe limenelo limakhala phindu.

Za moto zokha musathamangire. Sitovu ya gasi, mbaula ndi madzi owira zimafuna munthu pafupi kwa nthawi yaitali, ngakhale vidiyo ataiona kangati. Yambani ndi kupaka buledi majarini, kusungunula chakumwa, kutsuka masamba.

Chachisanu ndi chiwiri: kunja kwa mpanda

Ulendo woyamba ukhale wa ku takishopu yapafupi, kumene wogulitsa amakudziwani. Kalankhuleni naye kaye nokha. Konzani envelopu yokhala ndi chithunzi cha buledi panja ndi ndalama yokwanira ndendende m'kati. Nkhani ya chenji m'Harare, pamene dola ya America ndi ZiG, ndalama ya Zimbabwe, zikuyendera limodzi ndipo nthawi zina chenji chimabwera ngati maswiti, imazunguza ngakhale ife, ndiye musayambire pamenepo. Tsiku loyamba yendani naye, kenaka muzitsalira m'mbuyo mapazi angapo, kenaka muziima pangodya, kenaka pageti.

EcoCash, njira yolipirira pa foni, imachotsa vuto la chenji koma imabweretsa lina. Ngati ndi wamkulu woti angaiphunzire, muikemo ndalama zochepa zokha, za tsiku kapena sabata, ndipo yesezani naye mobwerezabwereza kuti PIN sauza munthu, ngakhale woimbayo atanena kuti ndi wa kukampani kapena kuti watumiza ndalama molakwika. Lamulo likhale lalifupi: munthu wosamudziwa akaimba kapena kulemba za ndalama, dula, dina nkhope ya amayi.

Kombi ndi sukulu ina payokha. Sankhani njira imodzi, nthawi imodzi yopanda chipwirikiti, ndipo jambulani pokwerera, zizindikiro zitatu kapena zinayi za m'njira, ndi potsikira. Zikhale m'kabuku kakang'ono kapena mu chikwatu chimodzi cha zithunzi m'foni. Lembani khadi loti azionetsa hwindi (kondakitala wa kombi), m'Chishona ndi m'Chingerezi, lonena pamene akutsikira. Yesezaninso zovuta: kombi yadutsa njira ina, yatsitsa anthu pakati panjira, wapitirira. Yankho likhale limodzi pa zonsezi: tsika, ima pamalo pomwepo pafupi ndi shopu, imba. Marenki a Copacabana ndi Market Square ndi a pambuyo, ndipo kwa ena si a iwo n'komwe, zomwe sizochititsa manyazi. Amene phokoso limawapweteka amathandizidwa ndi zotsekera m'makutu zimene amavala ogwira ntchito pamakina, zopezeka m'mashopu a hadiweya. Koma powoloka msewu azichotse kuti amve galimoto.

WhatsApp imalola kutumiza pamene munthu ali kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, ndipo Google Maps imalolanso kugawana malo. Zonsezi zimafuna data ndi batire, choncho m'thumba mwake mukhalenso khadi la pulasitiki lokhala ndi dzina loyamba, manambala awiri a foni, ndi mawu achidule onena kuti amavutika kulankhula ndipo asamukalipire. Adiresi ya nyumba musalembepo. Ngati ndi wamkulu, muuzeni m'njira imene angamve kuti foni ikuonetsa pamene ali, ndipo avomere. Kumulondola mobisa kumawononga chikhulupiriro chimene ulendo wonsewu waimirapo. Zithunzi ndi mavidiyo ake a kubafa kapena pamene wakwiya zisapite m'magulu a WhatsApp, ngakhale a abale. Ndipo ngati mukukayikira kuti mwana wachitidwa nkhanza, nambala ya Childline Zimbabwe ndi 116, yaulere.

Chachisanu ndi chitatu: zifike kumene iye amafika

Makhadi amene amagwira ntchito kunyumba kokha ndi theka la ntchito. Pitani nawo kwa aphunzitsi muwaonetse, ndipo mufunse zizindikiro zimene iwo amagwiritsa ntchito m'kalasi kuti zifanane. Ngati mwana sanayesedwe kuti apeze kalasi yomuyenera, funsani kwa mphunzitsi wamkulu za ofesi ya Schools Psychological Services ya Unduna wa Maphunziro a Pulaimale ndi Sekondale. Bungwe la ZIMCARE Trust lili ndi sukulu ndi malo a anthu a ulumali wa ubongo m'Harare. Kutchalitchi, kaya ndi ku CCAP kapena kwina, ndiponso kumzikiti, pezani munthu mmodzi womvetsa mumuonetse makhadi a "phokoso" ndi "ndikufuna kutuluka", kuti mwana akawakweza pasakhale womunena kuti ndi wamwano. Kandondomeko kakang'ono ka mapemphero, koonetsa nyimbo, pemphero, ulaliki, chopereka, kutuluka, kamathandiza ambiri kukhala mpaka kumapeto.

Pakatha milungu itatu kapena inayi, tulutsani pepala loyamba lija muchongenso. Ngati magawo amene amatha yekha achuluka, chepetsani thandizo lanu, osati zithunzi. Zithunzi zikhoza kukhala pakhoma moyo wake wonse, monga ife timasungira kalendala. Ngati palibe chasintha, funsani mafunso awa motsatana: kodi chithunzicho amachimva, kapena abwerere ku zinthu zenizeni? Kodi gawo limene akukanikapo ndi lalikulu moti ligawidwe pawiri? Kodi pali wina pakhomo amene akumuchitirabe inu mukachoka? Kodi pali chomupweteka, monga mswachi wolimba, fungo la sopo kapena dzino lobooka? Sinthani chinthu chimodzi chokha, dikirani sabata, muonenso. Ntchito yoyamba ikamachitika inu muli m'chipinda china kwa masiku angapo otsatizana, sankhani yachiwiri, ndipo mugwiritse ntchito chingwe, envelopu ndi alamu zomwezo kuti chatsopano chikhale ntchito yokhayo.